Kusunoki Masashige: Mafunso ndi Mayankho pa za Msilikali wa ku Japan Amene Anam'mangira Kachisi

Pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Kobe, ku Japan, pali kachisi wotchedwa Minatogawa. Amene amalambiridwa m'kachisimo ndi munthu amene anagonja pankhondo n'kudzipha m'chaka cha 1336. Dzina lake ndi Kusunoki Masashige, ndipo anthu a ku Kobe amangomutcha Nanko-san. M'munsimu muli mafunso amene munthu amakhala nawo akamva nkhaniyi koyamba.

Kodi Kusunoki Masashige anali ndani?

Anali mtsogoleri wa ankhondo wa m'chigawo cha Kawachi, chomwe lero chili m'dera la Osaka. Ambiri amati anabadwa cha m'ma 1294. Ku Japan dzina la banja ndilo limayamba, choncho Kusunoki ndi la banja, Masashige ndi lake. Sanali wochokera ku mabanja akuluakulu a asamurai, ankhondo a ku Japan wakale, monga a Ashikaga kapena a Nitta. Anali mwini dera laling'ono lakumapiri, wodziwa njira zonse zam'tchire, wokhala ndi anthu ake mazana ochepa. Chikalata china cha nthawi yake chimamutcha akuto, dzina limene eni minda ikuluikulu ankapatsa magulu a anthu a zida osamvera malamulo awo. Munthu amene pambuyo pake anadzakhala chitsanzo cha kumvera anayamba kulembedwa m'zikalata ngati wosokoneza.

Mbiri yake yodziwika bwino ndi ya zaka zisanu zokha, kuyambira 1331 mpaka 1336.

Nkhondo imene ankamenyayo inali ya chiyani?

Pa nthawiyo Japan inali ndi mitu iwiri. Ku Kyoto kunali mfumu yaikulu, yolemekezeka koma yopanda mphamvu. Ku Kamakura kunali boma la asilikali, ndipo ngakhale kumeneko shogun, mkulu wa bomalo, anali wa dzina chabe, poti zonse zinali m'manja mwa banja la Hojo. A Hojo ndiwo ankagamula milandu ya malo, ndiponso ankalowerera posankha woti akhale pampando wachifumu, chifukwa banja lachifumu linali litagawanika nthambi ziwiri zomwe zinkalandizana mpandowo.

Asamurai ambiri anali ndi madandaulo. A Mongol ataukira Japan mu 1274 ndi mu 1281, iwo anamenya nkhondo pa chuma chawo. Koma nkhondo yothamangitsa mdani pagombe siibweretsa minda yolanda, ndiye boma linalibe chowagawira. Ngongole zinawapana.

Mfumu Go-Daigo, yomwe inalowa ufumu mu 1318, inkafuna kulamulira yokha ndiponso kusiyira mpando ana ake. Chiwembu chake choyamba chinaululika mu 1324. Chachiwiri chitaululikanso mu 1331, inathawira kuphiri la Kasagi n'kuyamba kuitana aliyense wofuna kuithandiza. Oyankha anali ochepa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Masashige.

Anatchuka ndi chiyani pankhondo?

Ndi nzeru zomenyera nkhondo ali ndi anthu ochepa. Asamurai a nthawiyo ankanyadira kumenyana pamtetete, ali pa akavalo, uta uli m'manja. Masashige anakana masewera amenewo. Ankamanga malinga pamapiri otsetsereka n'kudikira kuti adani akwere okha.

Linga lake loyamba, la Akasaka, linagwa mu 1331 chakudya chitatha. Buku lakale lofotokoza nkhondozi, Taiheiki, limati iye analitentha yekha n'kusiyamo mitembo kuti adani aganize kuti wapsera momwemo, kenaka anazemba usiku. Go-Daigo anagwidwa, ndipo mu 1332 anamuthamangitsira ku zilumba za Oki. A Hojo anayesa kuti nkhani yatha. Chaka chisanathe, wakufa uja anatulukira, n'kulandanso Akasaka.

Pachimake panali pa Chihaya mu 1333, m'mbali mwa phiri la Kongo. Boma la Kamakura linatumiza gulu lalikulu la nkhondo kukazinga lingalo, koma miyezi inapita osalilowa. Okwera phiri ankakumana ndi zipika ndi miyala yogubuduzidwa kuchokera pamwamba. Taiheiki imasimba kuti usiku wina anthu a Masashige anaimika zidole za udzu zovekedwa zovala zankhondo kunja kwa linga, ndipo adani atazithamangira m'mamawa anawagwetsera miyala. Imasimbanso za mlatho umene adani anamanga kuti awoloke chigwa, iye n'kuuthira mafuta n'kuuyatsa anthu ali pamenepo. Adani anayesa kutseka madzi, osadziwa kuti m'lingamo munali mosungira madzi ambiri.

Chofunika pa Chihaya si kuchuluka kwa amene anaphedwa. Dziko lonse linaona kuti boma la Kamakura lalephera kugonjetsa kamfumu kakumapiri, ndipo mantha anatha. Ankhondo ambiri a boma ali otanganidwa kumeneko, Go-Daigo anathawa ku Oki. Ashikaga Takauji, amene a Hojo anamutuma kukathana ndi mfumuyo, anatembenuka n'kulanda likulu la a Hojo mu Kyoto. Nitta Yoshisada analowa mu Kamakura momwe, ndipo Hojo Takatoki, mkulu wa banja la Hojo, ndi abale ake ambiri anadzipha. Zonsezi zinachitika mu 1333.

Ngati anapambana chonchi, zinalakwika pati?

Zinalakwika pogawa. Go-Daigo atabwerera ku Kyoto anayamba ulamuliro umene umatchedwa Kenmu. Maudindo onona ndi minda yabwino zambiri zinapita kwa nduna za kunyumba yachifumu, pamene asamurai amene anakhetsa magazi ankangodikira pakhomo pa maofesi ndi zikalata zawo za malo. Mfumu inaganizanso zomanga nyumba yachifumu yatsopano ndi misonkho yawo. Ambiri anaona kuti awagwiritsa fuwa lamoto. Koma Masashige sanamanidwe: anapatsidwa ulamuliro wa Kawachi ndiponso mpando m'mabwalo oweruza nkhani za malo.

Takauji anagalukira mfumu mu 1335. Kumayambiriro kwa 1336 analowa mu Kyoto, koma Masashige, Nitta Yoshisada ndi Kitabatake Akiie anamupirikitsa mpaka anathawira ku chilumba cha Kyushu. Apa ndi pamene Masashige anaona chinthu chimene nduna sizinaone: asamurai ankatsatira Takauji ngakhale atagonja, ndipo ankaithawa mfumu ngakhale itapambana. Buku lina la nthawiyo, Baishoron, lolembedwa mokomera a Ashikaga, limati iye analangiza mfumu kuti igwirizane ndi Takauji nthawi ikadalipo. Nduna zinamuseka.

Patangopita miyezi yochepa, Takauji anabwerera kuchokera ku Kyushu ndi gulu lalikulu, ena pa zombo, ena pamtunda motsogozedwa ndi mng'ono wake Tadayoshi.

Akuti ankadziwa kuti akukafa. N'zoona?

Umu ndi mmene Taiheiki imanenera, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Masashige anapereka malangizo omveka: mfumu isamukire kuphiri la Hiei, Takauji amulole alowe mu Kyoto, kenaka atseke njira za chakudya, makamaka mtsinje wa Yodo, adaniwo afooke ndi njala, ndiyeno awaukire mbali ziwiri. Ndi nzeru yomweyo imene inagwira ntchito ku Chihaya. Nduna ina, Bomon Kiyotada, inati n'zochititsa manyazi kuti mfumu ithawe likulu lake kawiri m'chaka chimodzi. Mfumu inamvera ndunayo, n'kulamula Masashige kuti apite akakumane ndi adani pamtetete.

Anapita. Ali pa ulendo, pamalo otchedwa Sakurai, akuti anabweza mwana wake Masatsura, wa zaka pafupifupi 11, n'kumuuza kuti abwerere ku Kawachi, akule, adzapitirize kutumikira mfumu. Kutsanzikana kumeneku kunadzakhala chithunzi chodziwika kwa mwana wasukulu aliyense ku Japan nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe.

Nkhondo inachitika pamtsinje wa Minato, mu Kobe wa lero, pa tsiku la 25 la mwezi wachisanu pa kalendala yakale, mu 1336. Nitta Yoshisada ataona zombo za adani zikupitirira chakum'mawa, anaopa kutsekeredwa kumbuyo ndipo anabwerera m'mbuyo. Masashige anatsala yekha pakati pa adani. Taiheiki imati anali ndi okwera pa akavalo 700, ndipo atamenyana maola ambiri anatsala 73. Analowa m'nyumba ina yapafupi, ndipo iye ndi mng'ono wake Masasue anabayana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhondoyo itatha, Go-Daigo anathawirabe kuphiri la Hiei lomwe lija.

Nanga nkhani ya kubadwa kasanu ndi kawiri ndi yotani?

Asanafe, Masashige akuti anafunsa mng'ono wake chimene akulakalaka pa moyo wotsatira. Masasue anaseka n'kunena kuti akufuna kubadwanso munthu kasanu ndi kawiri kuti awononge adani a mfumu. Mkulu wakeyo anavomera kuti maganizo amenewo ndi uchimo waukulu, koma nayenso akufuna zomwezo.

Mawu akuti uchimo ndi ofunika. Anthuwa anali Abuda, ndipo kwa Mbuda kufa uli ndi mkwiyo mumtima, n'kumalakalaka kubadwanso, ndi kudzitsekera njira ya chipulumutso. Buku lomwelo pambuyo pake limamuonetsa Masashige ali mzimu wokwiya, ukuzunza samurai wina wa mbali ya Ashikaga dzina lake Omori Hikoshichi. Patapita zaka mazana, mawu aja anawakonza n'kukhala mfuwu wakuti shichisho hokoku, kutumikira dziko miyoyo isanu ndi iwiri, ndipo za uchimo zija anazisiya.

Kodi munthu angasanduke bwanji mulungu?

M'chipembedzo cha Shinto, olambiridwa amatchedwa kami. Kami si Mlengi mmodzi wamphamvu zonse monga mmene Akhristu ndi Asilamu amadziwira Mulungu. Alipo osawerengeka: a dzuwa, a mapiri, a mpunga, a mitsinje, ndiponso mizimu ya anthu amene anakhalapo. Mzimu wa munthu ukaitanidwa mwamwambo n'kukhazikidwa m'kachisi, anthu n'kumaupatsa nsembe za mpunga, mchere ndi mowa wa sake, munthuyo wakhala kami. Kwa ife chapafupi ndi Mbona wa ku Khulubvi, ku Nsanje, amene mbiri imati anali munthu, anaphedwa, ndipo anam'mangira kachisi.

Kale ku Japan, anthu ambiri oterewa ankawamangira kachisi chifukwa cha mantha. Sugawara no Michizane, nduna yophunzira imene inafera ku ukapolo wa ndale mu 903, anamukhazika ku Kitano mu Kyoto anthu atakhulupirira kuti miliri ndi mphezi zimene zinagwera likulu ndi mkwiyo wake. Lero ndiye kami wa maphunziro, amene ana amakapemphako mayeso akayandikira. Taira no Masakado, amene anagalukira boma n'kuphedwa mu 940, amalambiridwa ku Kanda mu Tokyo. Pambuyo pake kunabwera njira ina, yolemekeza olamulira: Toyotomi Hideyoshi mu 1599, ndi Tokugawa Ieyasu ku Nikko mu 1617.

Masashige sali kwenikweni m'gulu loyamba kapena lachiwiri. Iye anakhazikidwa ndi boma kuti akhale phunziro kwa anthu wamba.

Ndiye kuti anayamba kumulambira atangofa?

Ayi, panapita zaka zoposa 500. Takauji anaika pampando mfumu ya nthambi ina ija, iye n'kukhala shogun mu 1338. Go-Daigo anathawira kumapiri a Yoshino, komwe anafera mu 1339. Dziko linakhala ndi mafumu awiri, wa Kumpoto ku Kyoto ndi wa Kummwera ku Yoshino, mpaka 1392, ndipo opambana anali a Kumpoto. Kwa iwo Masashige anali mdani wa ufumu. Dzina limeneli linamuchoka mu 1559, pamene Mfumu Ogimachi inamukhululukira atapempha munthu wina wodzitcha mdzukulu wake, Kusunoki Masatora.

Anthu wamba sanamuiwale, chifukwa panali anthu amene ntchito yawo inali kuwerenga ndi kusimba nkhani za Taiheiki pagulu. Koma ankamukonda ngati katswiri wa machenjera ankhondo. Amene anatembenuza nkhani ndi Tokugawa Mitsukuni, mwini dera la Mito, wa banja la Tokugawa limene pa nthawiyo linali pampando wa shogun. Iye anayambitsa ntchito yaikulu yolemba mbiri ya Japan mu 1657, ndipo akatswiri ake anagamula kuti mafumu enieni anali a Kummwera. Zikatero, Takauji ndiye chigawenga, Masashige ndiye wokhulupirika. Mu 1692 Mitsukuni anaimika mwala pamanda a ku Minatogawa wolembedwa mawu odandaula kuti apa pagona mtumiki wokhulupirika Kusunoki. Mawu a kuseri kwa mwalawo ndi a Zhu Shunsui, wophunzira wa ku China amene anathawira ku Japan ufumu wa Ming utagwa. Mwalawo ulipo mpaka lero.

Wa banja la shogun ndiye anaimika mwala umene unadzalimbikitsa ogwetsa shogun. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, anyamata ofuna kubwezera mphamvu kwa mfumu ankaima pamandapo akamadutsa, ena n'kumalira. Yoshida Shoin, mphunzitsi wa atsogoleri ambiri a boma lotsatira, anali mmodzi mwa iwo.

N'chifukwa chiyani boma la Meiji linamusankha iyeyo?

Boma limene linalowa mu 1868 linkafuna kuti mlimi wa ku Kyushu ndi msodzi wa kumpoto, amene kale ankangodziwa mbuye wa dera lawo, aphunzire kuti mbuye wawo ndi mfumu ndipo ayenera kuifera. Pofufuza m'mbiri, asamurai otchuka ambiri anapezeka kuti ankamenyera mabanja awo kapena shogun. Womenyera mfumu, amene sanasinthe mbali, anamvera lamulo loipa n'kufa nalo, anali Masashige.

Lamulo lomanga kachisi linaperekedwa mu 1868, ndipo kachisi wa Minatogawa anatsegulidwa mu 1872. Anali woyamba m'gulu latsopano la akachisi a boma olemekeza atumiki okhulupirika a mfumu. Mu 1880 anamupatsa udindo wapamwamba kwambiri wa kunyumba yachifumu, patatha zaka 544 atamwalira. Mu 1900 chifanizo chake chachikulu, ali pa kavalo, chinaimikidwa kunja kwa nyumba yachifumu ku Tokyo. Chinaperekedwa ndi banja la Sumitomo, ndipo mkuwa wake unachokera ku mgodi wawo wa Besshi.

Panali vuto limodzi lochititsa manyazi: Mfumu Meiji inali ya nthambi ya Kumpoto, imene Masashige anafa akulimbana nayo. Mu 1911 kunabuka mkangano waukulu pa buku la sukulu limene linaika maufumu awiriwo pamzere umodzi. Boma linagamula kuti a Kummwera ndiwo anali enieni, ndipo mfumu inavomereza. Phunziro la kukhulupirika linali lofunika kwa iwo kuposa mbiri ya makolo a mfumu yomwe.

Panalibe wotsutsa?

Analipo. Mu 1874 Fukuzawa Yukichi, amene anayambitsa sukulu ya Keio, analemba kuti munthu wofera mbuye wake popanda phindu ku dziko sasiyana ndi wantchito amene wadzimangirira chifukwa wataya ndalama ya bwana wake. Sanamutchule Masashige, koma owerenga anamva kuti akunena iyeyo, ndipo anamukwiyira kwambiri.

Ine ndimaona kuti Fukuzawa anakhudza penipeni, ngakhale kuti mlandu si wa Masashige yekha. Munthuyu ananena zoona pamaso pa mfumu, kawiri ngati mabuku onse awiri akunena zoona. Mabuku a sukulu anakuza kumvera kwake, n'kuchepetsa mfundo yakuti lamulo limene anamveralo linali lopusa ndipo linagwetsa mfumu yomweyo. Mwana wophunzira nkhaniyi mu 1935 sankafunsidwa kuti nduna ija inalakwa pati. Ankafunsidwa ngati iyenso angapite.

Pali ubale wanji ndi oyendetsa ndege odzipha a mu 1945?

Ubale wake ndi wachindunji. Chizindikiro cha banja la Kusunoki chinali duwa loyandama pamadzi, chotchedwa kikusui. Pamene asilikali a America anafika ku Okinawa, Japan inatumiza ndege zokadziwombetsa pa zombo m'magulu khumi akuluakulu, kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni 1945, ndipo onsewo anawatcha Kikusui. Mawu aja a miyoyo isanu ndi iwiri ankalembedwa pa nsalu zomanga kumutu ndi m'makalata otsanzika. Anyamata ambiri anali a zaka za m'ma 20, ena osakwana. Chifanizo chake cha pa kavalo chinaikidwanso pa ndalama ya pepala ya 5 sen mu 1944.

Munthu amene anathawa ku Akasaka kuti adzamenye tsiku lina, amene luso lake lonse linali kusunga anthu ake ochepa, ndi amene dzina lake linagwiritsidwa ntchito potaya anyamata masauzande.

Kachisi wa Minatogawa anapsa ndi mabomba amene anagwa pa Kobe mu 1945. Mu Disembala chaka chomwecho, olamulira a America analetsa boma kuthandiza kapena kuyendetsa chipembedzo cha Shinto, ndipo Masashige anachotsedwa pamalo aulemu amene anali nawo m'mabuku a sukulu. Kachisi anamangidwanso mu 1952, tsopano ngati bungwe lachipembedzo loima palokha.

Pa zonsezi, zoona ndi ziti, nthano ndi ziti?

Kuti analiko, anateteza Chihaya, anatumikira m'boma la Kenmu ndipo anafera ku Minatogawa, zimenezi zikalata za nthawiyo zimatsimikiza. Zidole za udzu, kutsanzikana kwa ku Sakurai ndi mawu omaliza zimachokera mu Taiheiki, yomwe inalembedwa m'zaka makumi angapo pambuyo pake kuti izisimbidwa pagulu. Manambala ake ndi okokomeza: imati ozinga Chihaya anali miliyoni, zomwe palibe wolemba mbiri amavomereza. Ngakhale zaka za Masatsura pa nthawi yotsanzikana ena amazikayikira, poganiza kuti anali wamkulupo.

Koma ngakhale buku la mbali ya adani ake limamulemekeza. Anthu a ku Kawachi amasimbanso kuti Takauji anatumiza mutu wake kwa banja lake, ndipo pa kachisi wa Abuda wa Kanshinji pali chulu chimene amati ndi pamene unaikidwa.

Ana ake zinawathera bwanji?

Masatsura anachita zimene anauzidwa. Anatsogolera ankhondo a Kummwera, ndipo anafa pa nkhondo ya Shijonawate mu 1348 pamodzi ndi mng'ono wake Masatoki. Nayenso anam'mangira kachisi kumeneko mu 1890.

Panali mwana wachitatu, Masanori, amene mabuku a sukulu akale sankakonda kumutchula. Iyeyu anamenya nkhondo zaka zambiri kuposa bambo ake ndi akulu ake, analowa mu Kyoto kangapo, koma ankafuna kuti maufumu awiriwo agwirizane. A Kummwera okonda nkhondo atamukana, anapita ku mbali ya Kumpoto mu 1369, n'kudzabwereranso mu 1382. Mgwirizano umene ankafunawo unachitika mu 1392.

Lero anthu amakachita chiyani ku Minatogawa?

Zimene amachita pa kachisi wina aliyense wa Shinto. Munthu amalowa pachipata cha torii, amasamba m'manja ndi kutsuka m'kamwa, amaponya kandalama m'bokosi, amawerama kawiri, amaomba m'manja kawiri, amapempha chamumtima, n'kuweramanso kamodzi. Ena amalemba zopempha zawo pa timatabwa totchedwa ema, kapena kugula zithumwa za omamori. Khamu lalikulu limabwera masiku oyamba a Januwale kudzapempha mwayi wa chaka. Mu Novembala makolo amabweretsa ana a zaka zitatu, zisanu ndi zisanu ndi ziwiri atavala zakwawo, ndipo maukwati amachitikiranso pomwepo. Mwambo waukulu wa Masashige mwini umachitika pa 25 Meyi.

Mlendo wa chipembedzo chilichonse amaloledwa kulowa m'bwalo la kachisiyo popanda kulipira, ndipo palibe amene amamukakamiza kuwerama. Mwala wa Mitsukuni uli chakumanja ukangolowa pachipata chachikulu, ndipo malo amene amati abale awiri aja anaferapo ali chakumbuyo kwa kachisi.